Nantchengwa wa ku Revubwe ndi tulo ta masana

Malemu azakhali anga anandichenjeza ndili mtsikana ku Zobwe: "Mbalame ikakutsata, usaitembenukire msana, wina waituma." Mawu amenewo ndinapita nawo ku Moatize, kumene mwana wanga Antoniyo amakumba malasha. Ndinakapeza mpongozi wanga Luwiza, woseka ndi aliyense. Munthu wotere ine sindimukhulupirira.

Mvula itangoyamba, nantchengwa anatera padenga pathu. Tsiku lina anateranso. Ndinati ndimulondole ndione kwa amene wamutuma. Anandifikitsa m'tchire la m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe, pamtengo wa chisa chake, chachikulu ngati nkhokwe. Ndinayamba kukhala pamenepo m'mawa uliwonse, phee. Womutuma sindinamuone. Ndinkangoona akakowa, nkhwali, pumbwa wolongolola, ndi njiri ikumwetsa ana. Ndivomere, ndinayamba kupitako ngakhale nditaiwala chimene ndikulonda.

Choyamba chinali chithupsa kuseri kwa bondo. Kenako thupi kutentha, mutu kuwawa, zotupa m'khosi. Ndinati basi, andipeza. Phala la Luwiza ndinkalitaya kuseri kwa nyumba. Akatchula chipatala ndinkamufunsa kuti akufuna ndikafere kutali chifukwa chiyani.

Za pambuyo pake sindizigwira bwino. Akuti ndinkagona chakudya chili m'kamwa. Akuti ndinatcha Antoniyo dzina la bambo wake. Ine chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinaona khwangwala pabwalo, n'kumudziwa, koma dzina lake osabwera. Pamenepo ndinachita mantha, chifukwa mutu wanga ndiwo wokha ndinkaukhulupirira.

Anandiwolotsa Zambezi pa bwato lonyamula magalimoto, Luwiza atandichirikiza. Kuchipatala cha ku Tete tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga magazi, n'kundipinda ngati mphasa, n'kutenga madzi apamsana. Dotolo analankhula Chipwitikizi, namwino wachinyungwe n'kumasulira: "Ndi kaodzera, agogo. Mumakhala pati pamene pali kashembe?" Nditatchula za njiri, namwinoyo anagwedeza mutu. "Ntchentchezo zimatsata njirizo. Mukanachedwanso pang'ono, sitikanalankhulana."

Ndinamufunsa kuti ndiye ananditumira chiyani, nantchengwa kapena ntchentche? Namwino anangoseka.

Mankhwala anali obaya, owawa mpaka m'mafupa, kupumira masiku kenako kubayanso. M'mawa uliwonse namwino ankandiloza pazenera: "Iyo ndi mbalame yanji?" Ndinkati akundiyesa kuti akanene kwa azungu. Kwa nthawi yaitali ndinkangoiyang'ana. Tsiku lina pakamwa panangotuluka pokha: "Pumbwa." Luwiza, amene ankagona pansi pa bedi langa nthawi yonseyo, analira. Mpaka lero sindidziwa kuti kulirako ndikumasulire bwanji. Phala lake ndimadya tsopano, iye akayamba walawa.

Ndinabwerera ku Zobwe, Luwiza n'kunditsata, kumene mphepo ya m'phiri imandikomera. Miyendo ikunjenjemerabe, ndipo andiuza kuti ndizikapimitsa msana, poti matendawa amatha kubwerera mwakachetechete. Mbalame ndimaonera pakhonde, nditafunda nsalu yoyera mpaka kumapazi. Akuti kashembe sakonda choyera. Nantchengwa akadutsa sindimutembenukira msana, koma sindimulondolanso.

Inu, chithupsa chikabwera ndi kutentha thupi, pitani msanga, za womutuma mukafufuze mutachira. Ndipo mukamadutsa njira ya ku tchalitchi, patukani mudzandione. Mukandipeza ndikugona dzuwa lili pamutu, musati agogo akupuma. Ndigwedezeni, mundiloze mbalame, mundifunse dzina lake. Ndikalephera, kaitaneni Luwiza.