Wometa Amene Analowa Ndale

Dzina lawo lenileni linali pachiphaso basi. Mumsewu monse ankawatchula kuti a Zoonadi, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira potsegula shopu yawo yometera mpaka potseka. Munthu akakhala pampando n'kunena kuti atsogoleri awononga dziko, iwo ankati zoonadi. Wotsatira akati atsogoleri omwewo ndiwo agwira ntchito, ankatinso zoonadi, nkhope osasintha ngakhale pang'ono. Akazi awo ankati mpaka lero sadziwa ngati tsiku la ukwati bamboyu anavomera iwo kapena anangovomereza zimene ankanena abusa.

Shopuyo inali kachipinda kopanikizika pakati pa golosale ndi wokonza mafoni. Munali benchi, galasi long'aluka pakona, ndi mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale. Ambiri ankabwera ndi tsitsi lochepa koma nkhani zambiri. Mwamuna akamangidwa nsalu m'khosi amayamba kunena zimene sangauze ngakhale mbale wake: za banja lomwe likugwedezeka, za matenda, za ntchito imene yatha koma kunyumba sakudziwa. A Zoonadi ankamva zonsezo osazitulutsa pakhomo, ndipo ankanyadira zimenezi kuposa luso lawo la lumo.

Amene anawakokera ku ndale ndi alamu awo, mchimwene wa akazi awo, mkulu wa chipani m'deralo, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anati chipani chikufuna woimira ukhansala, ndipo munthu wopanda mdani ngati iwo sapezekapezeka. A Zoonadi anaganiza za ngalande ya kutsogolo kwa shopu imene inkasefukira chaka ndi chaka, n'kuona kuti akhoza kuthandizadi anthu. Anaganizanso za nkhope yawo itapachikidwa pamtengo wa magetsi, koma zimenezo sanauze munthu.

Akazi awo sanabise maganizo. "Bambo, ndale zimafuna munthu wodziwa kukana, apo ayi wouma mtima. Inu zonse ziwirizi mulibe."

Iwo anavomera kuti mayi akunena zoona, ndipo m'mawa mwake anakalembetsa.

Poyamba zinkaoneka ngati anabadwira zomwezo. Amayi ogulitsa masamba atapempha kuti maminibasi achoke pakhomo la msika, anawavomera. Madalaivala atapempha kuti asasunthidwe, anawavomeranso, ndipo magulu onse awiri anapita kwawo akuwayamikira. Alamu awo ankangosisita m'manja, amvekere ena amaphunzira zimenezi zaka zambiri koma mlamu wawo anayamwira.

Vuto linali munthu amene ankapikisana naye. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, amene anaphunzitsa pafupifupi aliyense wovota, ndipo ngakhale amene anawakwapula ankawakondabe. Aphunzitsiwo anali kasitomala wa a Zoonadi kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Ngakhale kampeni itatentha ankabwerabe kudzameta, akuseka kuti palibe wina amene amadziwa kulambalala njerewere ya kuseri kwa khutu lawo. Pampando womwewo, chaka cham'mbuyo, ndi pomwe anaulula chinthu chimene chinkawadya mumtima. Mwana wawo wamwamuna, amene anthu ankauzidwa kuti akugwira ntchito kutali, anali kundende chifukwa choba kuntchito. Atanena zimenezo analira, ndipo a Zoonadi ananamizira kufunafuna chipeso mpaka munthu wamkuluyo atapukuta misozi.

Chisankho chitayandikira, alamu aja anabwera shopu ilibe anthu n'kukhala pabenchi. Anayamba ndi kudandaula kuti ena apereka galimoto, ena nsalu za chipani, koma mwini mpikisano sanabweretse kalikonse kupatula kumwetulira. Kenaka anafunsa mofatsa ngati munthu angamete mutu umodzi zaka zonsezo osadziwa zimene zili m'katimo. A Zoonadi anazemba, anasesa pansi posesa kale, anapukuta galasi. Koma manyazi oti alibe chopereka anawagwira, ndipo kukana sanakuzolowere. Ananena nkhani ya mwana uja motsitsa mawu, n'kuwonjezera kuti si yoti ipite patali. Alamuwo analumbira kuti yathera pomwepo.

Inathera pa chinkuzamawu, pamsonkhano womaliza, bwalo litadzaza. Alamu awo anaimirira pansanja n'kuuza anthu kuti akafunse aphunzitsi kuti mwana wawo amagwira ntchito yanji kumene aliko, komanso kuti yunifolomu yake ndi yamtundu wanji. Anthu anayamba kunong'onezana, kenaka kuseka. Ndiye alamuwo anatembenuka n'kulozetsa chinkuzamawu kukamwa kwa a Zoonadi.

"Kodi ndikunama? Nayu wometa wawo, atiuze yekha."

A Zoonadi mawu oyenera ankawadziwa, ndipo anali afupi: zisiyeni, mwana si amene akupikisana nafe. Anayang'ana khamu lija, anayang'ana alamu awo, ndipo pakamwa panatuluka mawu awo a masiku onse. Anthu anaomba m'manja mpaka fumbi kubuka.

Anapambana. Akazi awo sanavine nawo. Anangowauza kuti chakudya chili patebulo n'kukakhala kukhonde. Aphunzitsi sanabwerenso ku shopu. Tsiku lina a Zoonadi anawaona patsidya pa msewu, mutu utametedwa mokhota ndi munthu wosadziwa ntchito, ndipo zinawapweteka kwambiri moti anabisala kuseri kwa chitseko ngati mwana.

Tisawanamizire, ukhansala anaugwira bwino ndithu. Ngalande ija inakonzedwa, ndipo kumisonkhano ya khonsolo ankawakonda chifukwa sankatalikitsa zokambirana. Shopu sanaitseke. Loweruka lililonse ankavula jekete, pakuti tsopano nawonso anali nalo, n'kutenga makina awo. Anthu ankadzaza benchi kuposa kale, ena ofuna malo pamsika, ena ongofuna kuti adzanene kuti anametedwa ndi khansala. Nkhani zinalipo, za mpira, za mvula, za kukwera mtengo kwa zinthu. A Zoonadi anatenga nthawi kuti azindikire kuti nkhani zake zinali zokhazo basi.

Anazindikira tsiku limene kunabwera mlonda wa pagolosale, mnzawo wakalekale, amene m'mbuyomo ankawauza ngakhale zimene walota. Sabata yomweyo a Zoonadi anali ataona ndi maso awo mkazi wa mlondayo akunyamulidwa kupita kuchipatala, ali wofooka kwambiri. Anamumanga nsalu m'khosi, n'kudikira kuti ayambe yekha monga kale. Mlondayo anangokhala duu. Mtima unawawawa, ndipo anawerama n'kufunsa chapansipansi.

"Achimwene, mayi akupeza bwanji?"

"Ali bwino, olemekezeka. Kunyumba konse kuli bwino."

A Zoonadi anameta mutu wonsewo popanda liwu lina, ndipo atamaliza, mlondayo anaimirira, anadzisasa tsitsi pamalaya, n'kuwathokoza mwaulemu kwambiri monga mmene munthu amathokozera mlendo.