Komadre wa ku Troyeville

A Felesita anali a ku Angonia, ku Mozambiki, koma Chichewa chawo chinali chathu chomwechi. Ankakazinga mtedza pakona ina ku Troyeville, mu Joni, ndipo ndi iwo ankalera Jessica, khanda la Mainesi, mayi wakeyo akapita kukachapa ku Fourways. Chimuimirireni mwanayo pa ubatizo, dzina la Mainesi analisiya, ankangoti "komadre." Mainesi ankangovomera. Ankadziwa kuti ndi Chipwitikizi, tanthauzo sanafunsepo.

M'mwezi wa Meyi 2008 Joni inawira. Mphekesera zinati achiwembu osaka alendo akuyang'ana mikono, poti chipsera cha katemera wa ku Mozambiki chimakhala m'munsi mwa chigongono, osati paphewa. A Felesita anagula juzi ya manja aatali. Koma wokazinga mtedza ndani sapinda manja?

Lamlungu masana Mainesi akuchokera kogula palafini anaona gulu litazinga mbaula ya a Felesita, zibonga ndi zikwanje m'manja. Anabisala kuseri kwa bini. Mnyamata wina anakweza mkono wa a Felesita m'mwamba, gulu n'kukuwa. Jessica anali kumsana kwawo. A Felesita anagwada, anakokera mwanayo kumimba, n'kumugonera. Zibonga zinagwa pamsana, m'mutu, m'nthiti. Mbaula inagubuduka, makala n'kuwakhuthukira pamwendo. Sanasunthe mpaka apolisi anawombera m'mwamba.

Mainesi anasolola mwana wake pansi pawo. Ambulansi itafika anafuna kukwera nawo, poti kwathu wodwala sapita yekha kuchipatala, koma woyendetsa anatchinga chitseko.

"Family only, sisi. Ndi ndani wako?"

Achiwembu ena anali akadali tsidya la msewu, akuyang'ana. Kuyankhula kunali kudziulula kuti naye ndi mlendo. Anayankhabe.

"Komadre."

"English, sisi!"

Chingerezi cha ku sekondale chinamuthawa. Ndi a Jerome, Mpwitikizi wokalamba wa bekale yapakona, amene anayankha ali pakhomo pawo: "Co-mother. Mwana mmodzi, amayi awiri."

Woyendetsa anayang'ana Jessica: diresi yonse magazi, thupi lopanda ndi kabala komwe. Anapatuka.

"Ngena," anatero, Mainesi n'kukwera.

M'katimo Mainesi anatsitsa dzanja la juzi lija, kuphimba chipsera. A Felesita anatsegula diso limodzi, lina litatupa.

"Komadre, mwana?"

"Ali bwino, mayi. Nayu."

"Nanga mtedza wanga? Agaluwo adya ulere."