Mayankho Anali Kuseri kwa Chimbudzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 3 kachiwiri, pa kasukulu kathu ka m'mapiri a Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese. Inde, kachiwiri. Mutu wanga unali ngati sefa: aphunzitsi amathira, zonse n'kudutsa. Chondiwawa chinali chakuti mlongo wanga wamng'ono, Ambokile, anali Sitandade 2 ndipo ankakhoza moopsa. Ndikanalepheranso, tikanakhala kalasi imodzi. Tikamathyola khofi kankandiyandikira n'kunena mwaulemu wabodza kuti, "Musadandaule achemwali, chaka chamawa ndizikuonetsani mayankho." Ndinkafuna kukatsina mpaka kalire.

Chaka chimenecho tinalandira mphunzitsi watsopano, Mayi Nankhoma, ochokera ku Dedza. Iwo Chisukwa chathu sankachimva, ifenso Chichewa tinkangochimvera pa wailesi. Ankalankhula, ife tili pansi pa simenti yozizira, mano akungogundana, maso tong'o ngati mbuzi zoona galimoto. Tsiku lina pa nthawi yopuma anatipeza tikuvina mwinoghe, gule wakwathu wa mizere iwiri, anyamata uku atsikana uku. Anaima nthawi yaitali akutiyang'ana. M'mawa mwake anabwera ndi ng'oma kukhwapa, n'kutitulutsa panja tonse.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinalowa m'gule. Kumanja ndi kumanzere tinazidziwa pogundana mitu. Masamu ochulukitsa tinkawaponda ndi mapazi, yankho n'kutuluka pamene mwendo wagwera. Anajambula mapu a Malawi ndi phulusa pabwalo, ife n'kumadumpha kuchoka ku Chitipa, Karonga, Rumphi, mpaka kukafika ku Nsanje tili wefuwefu. Pa sayansi tinkasanduka chimanga: kunjuta ndiye mizu, kuimirira ndiye tsinde, manja ndiye masamba, kugwedeza mutu ndiye ngayaye. Ine amene ndinali wotsalira ndinayamba kuyankha anzanga asanatsegule pakamwa.

Ahedi athu, bambo Kayange, phokosolo linkawanyansa. Akatuluka mu ofesi nkhope ili gwa, Mayi Nankhoma ankangoti, "Tikukonzekera gule wa kumsonkhano wa chipani, ahedi." Masiku amenewo mawu oti chipani ankatseka pakamwa pa aliyense. Ahedi ankangoti "Yewo, amama," n'kubwerera kukakhala.

Ndiye anafika mayeso otsiriza, mwezi wa Julaye, nkhungu itaphimba mapiri. Mwatsoka, oyang'anira kalasi yathu anali ahediwo. Analamula kuti aliyense akhale chete, miyendo yotambasula, wogwedezeka aona chakuda. Ndinayang'ana pa bolodi: seveni kuchulukitsa ndi sikisi. Ndinkadziwa kuti yankho ndili nalo, koma linali kumapazi, kumutu kunali mbee. Ndinayesa kugwedeza chala chachikulu cha kuphazi, ahedi anandiponyera diso. M'maganizo ndinaona Ambokile atakhala pambali panga, akundibwereka pensulo.

Ndinakweza dzanja. "Pulizi Sala, ndipite kuchimbudzi."

Nditafika kuseri kwake ndinaponda, ndinaponda, yankho n'kutulukira: fote thuu. Ndinathamanga ndikulibwereza m'kamwa kuti lisatayike panjira. Pa funso la maboma ndinapemphanso. Ulendo umenewu ndinapeza mnzanga Lusubilo ali kale kuseriko, akunjuta n'kuimirira, akunong'ona kuti "mizu, tsinde." Sitinafunsane. Ulendo wotsatira tinali gulu ndithu, ndipo fungo la pamenepo silinali la maluwa.

Ahedi anayamba kuda nkhawa. Ana onsewa kutsegula m'mimba tsiku limodzi? Anatilondola kuti aone amene wadwala kwambiri. Anatipeza tili m'mizere iwiri, dzanja limodzi litatseka mphuno, tikudumpha popanda ng'oma, tikuyankhulira m'mphuno kuti "Karonga, Rumphi, Mzimba."

"Mukuchita vichi kuno?" anatero ahedi. Anatipisa m'matumba, anafufuza m'udzu wa denga la chimbudzi, anatembenuza ngakhale miyala. Kapepala sanakapeze. Anandiloza ine, poti ndinali wamtali pa onse. "Iwe Tusekile, mayankho mwabisa kuti?"

"Ali m'miyendo, Sala."

Anatikusira m'kalasi. Anandiimika kutsogolo, manja m'mbali ngati msilikali, n'kunditi nditchule mbali za chimanga. Zii. Anabwereza funso. Zii. Ndinadziwa kuti basi, Sitandade 3 ndi kwathu. Pamenepo Mayi Nankhoma, amene anaima pakhomo ngati akungodutsa, anayamba kugogoda chitseko ndi zala, pang'onopang'ono, kamvekedwe ka mwinoghe. Miyendo yanga sinadikire chilolezo. Ndinanjuta, ndinaimirira, ndinatambasula manja, ndinagwedeza mutu, mayankho akutuluka okha. Ahedi anandiyesa masamu, ndinawapondera pomwepo. Kalasi yonse inali ikugwedezeka nane.

Ahedi anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera ngati munthu wobisa phwete. "Kapepala ndikanalanda," anatero. "Nanga miyendo ndilanda bwanji?" Anatilola kulemba titaimirira, mapepala pa khoma, kuponda kololedwa bola mwakachetechete. Koma kuchimbudzi anati sikupitanso munthu. Apa ndi pamene Lusubilo anafunadi kupita, ndipo gule amene anavina mpaka belu kulira sanali wa phunziro lililonse.

Tsiku lotsekera, ahedi akuwerenga maina a okhoza, langa linatuluka chakumapeto, koma linatuluka. Ndinalumpha kuposa amene anakhala nambala wani. Ambokile ananditsatira njira yonse yopita kunyumba ali khuma, kenako anati, "Achemwali, mwandithawa."

Lero sukulu ija ili ndi madesiki ndi malata, ndipo adzukulu anga akafuna yankho amangodina foni atakhala pampando, phazi osaligwedeza n'komwe. Sindiwanena, nthawi ndi yawo. Ine maondo anayamba kundivuta, ndipo adokotala a ku Boma anandiuza kuti ndisiye kudumpha ndi kunjuta. Ndinawayang'ana mwachisoni n'kuwauza kuti, "Mwana wanga, ukudziwa kuti ukunditsekera sukulu?"