Tizizindikiro ta a Shafi

A Shafi anabadwira ku Nkhudzi, m'banja la asodzi, koma akangokwera bwato ankasanza. Makompyuta anaphunzira okha. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankasamalira pulogalamu yomwe analembera bungwe lina la asodzi ku Mangochi, yosungira kulemera kwa usipa ndi chambo pa doko lililonse. Pamwamba pa kachigawo kalikonse ka khodi, malamulo olembedwa oyendetsa pulogalamuyo, ankaikapo kachizindikiro kouza makina kuti asadandaule ndi zili m'munsimo. Tizizindikiroto tinachuluka ngati nkhupakupa pa ng'ombe.

Kenako bungwe linalemba ntchito Ethel, wa ku Dedza, wongochoka kumene kukoleji. Tsiku lake lachitatu pantchito, Lachisanu, anatsegula khodiyo. Pulogalamu yolembera khodi inaonetsa tizizindikiro tija tili mbuu, kababu kachikasu kakuyaka pambali: izi n'zosafunika, zichotsedwe? Ethel anadina. Tonse tinapita nthawi imodzi.

A Shafi atabwera kuchokera kumzikiti anayang'ana kompyuta, nkhope n'kugwa.

"Wagwira zinthu zanga ndani?"

"Ndine, bambo," anatero Ethel. "Tizizindikiro tija sitimagwira ntchito iliyonse. Makina anena okha."

"Makinawo anali kuti pamene ndinkazungulira madoko wapansi ndi kope? Mwabwera dzana, lero mwayamba kusesa m'nyumba ya eni?"

"Iyeseni pulogalamuyo muone ngati yafa."

Anaiyesa. Inayenda bwinobwino, ndipo zimenezi n'zomwe zinawapweteka koposa. Madzulo omwewo anabwezeramo tizizindikiro tija kamodzikamodzi. Lolemba Ethel anatichotsanso. Zinatero mwezi wathunthu. Moni anatha, tiyi ankamwa atafulatirana. A Shafi anamupatsa dzina loti Mai Kababu. Ethel naye n'kumauza anzake kuti mkuluyo amamangirira khodi zithumwa.

Abwana, a Jestina, zitawakwana anawaitana onse.

"A Shafi, tiuzeni ntchito ya kachizindikiro kamodzi kokha."

A Shafi analoza kena, n'kuyamba kufotokoza za vuto la zaka zisanu zapitazo.

"Vutolo munalikonza nokha kalekale, ndaona," Ethel anawadula. "Mukulondera khola lopanda mbuzi."

A Jestina analamula kuti tizizindikiro tonse tichoke. A Shafi anatola chisoti chawo, napempha kuti awatumize kumadoko kukaphunzitsa alembi a bungwe kugwiritsa ntchito pulogalamuyo.

Lero amayenda pa njinga yamoto pakati pa Makokola ndi Nkhudzi. Akapeza cholakwika mu pulogalamu amachijambula n'kutumiza kwa Ethel pa foni, opanda moni. Ethel amayankha liwu limodzi: "Zakonzedwa."