Ndodo ya Giya Si Nkhafi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha fungo. Anali masiku a Chitaganya. Nditasiya sukulu, ada, bambo wanga wondibereka, anandiika m'bwato mwawo ku Mwaya kuti ndizipalasa. Kupalasa ndinkakudziwa, koma mtima unali kwina. Akandituma kukagulitsa usipa pa boma, ndinkaima pa galaja ya Ada Longwe n'kumanunkhiza oyilo ndi petulo mpaka ntchentche kudzaza m'dengu.

Ada Longwe anaphunzira umakaniko ku usilikali. Tsiku lina anandiyang'ana nati, "Iwe, maso amamasula bawuti? Tenga beseni ilo, tsuka izi." Ndinatsuka. Kulembedwa kwanga kunali komweko.

Dzinja lonse ndinkangotsuka zitsulo ndi palafini. Sipanala sankandilola kugwira. Koma chitsulo chilichonse, ndisanachiike pa chiguduli, ndinkayenera kutchula dzina lake, malo ake ndi ntchito yake. Ndikalakwa, ndinkatsukanso.

Ada ondibereka sanakondwe. "Anzako akukoka khoka la chilimira, iwe ukutsukira galimoto mbale. Sitima ikabwera ulendo uno, ukubwerera m'bwato." Mawu a ada sankabwezedwa.

Sitima inabwera. Doko linadzaza: amtengatenga, amayi ogulitsa chinangwa, amuna obwera ku Joni ndi masutikesi awo. Ine ndinali kutsuka komaliza. Kenaka wina anabwera akuthamanga, akuti jipi ya a Manda yafa pa doko.

A Manda anali wamalonda. Jipi yawo inali yotsala ku nkhondo, yokoka ndi matayala onse, ndipo inkakwera mapiri opita ku Mzuzu ngakhale m'matope. Woyendetsa anali Simioni, amene kale anali msodzi ngati ife. Tsikulo anaibweza cham'mbuyo pamtsetse kuti apakire mchere ndi anthu. Atamaliza, giya inakana kuchoka pa livesi. Akangosiya kalachi, jipi inkalowera kunyanja.

Tinafika ndi bokosi la zida. Anthu anali atazungulira, ndipo pakati pawo ndinaona ada, nkhafi ili paphewa, akudikira ine. Ada Longwe nawonso anawaona. Anatsegula bokosi, anatulutsa sipanala, n'kundipatsa.

"Yotamu, ine lero manja akundiwawa."

Manja awo analibe chilichonse. Ndinali nditaiyembekezera sipanala imeneyo dzinja lonse.

Poyamba ndinaika miyala kumbuyo kwa matayala. Kenaka ndinauza Simioni alize injini ataponda kalachi. Jipi sinasunthe ndipo sinalire zachilendo. Ndiye kuti kalachi inali kugwira ntchito yake. Ndinazimitsa injini n'kugwira ndodo ya giya. Inkagwedera ngati dzino lofuna kuchoka, n'kumazungulira m'dzanja, osakoka kanthu.

"Chathyoka n'chiyani?" anafunsa a Manda, thukuta lili kamukamu. "Musandiuze kuti ndi giyabokosi yonse. Ina ndiipeza kuti, ku Bulawayo?"

"Funsani makaniko," anatero Ada Longwe, akuloza ine.

Pambali pa ndodo yaikulu pali tindodo tating'ono. Kena n'kosankhira giya yamphamvu ya m'phiri. Ndinakaika pakati, pamene sipakoka, kuti magiya apume. Ndinachotsa chitsulo chapansi pomwe pamakhala mapazi, ndinamasula mabawuti a chivundikiro cha giyabokosi, n'kuchikweza pamodzi ndi ndodo yake. Fungo la oyilo wotentha linandimenya kumaso. Ndinasuzumira. Mano onse a magiya anali athunthu, ndipo mu oyilo munalibe zidutswa. Ndinafuna kufuula, koma makaniko safuula.

Matenda anali m'chivundikiro. M'menemo muli timipiringidzo toyenda uku ndi uku, kalikonse ndi foloko yake yokankha giya. Nsonga ya ndodo imalowa m'kamphako ka kampiringidzo n'kukakankha. Pali kapini kamene kamaletsa ndodo kuzungulira. Kapini kaja kanali katadukiratu. Ndodo inapotoka, nsonga inatuluka m'kamphako, ndipo kampiringidzo ka livesi kanatsala kokha kumene kanasiyidwa.

Ndinakagogoda ndi nyundo, nditaika mtengo pakati kuti ndisakavulaze, mpaka ndinamva kuti "tche". Kameneko ndi kampira kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i, kakugwera m'malo mwake. Giya ya m'bokosi ndinaikankha ndi dzanja kuibwezera pakati. Pini yatsopano ndinaipala ndi tupa kuchokera ku bawuti wakale. Gasiketi yotchinga oyilo kuti asadonthe inali itang'ambika, ndiye ndinapempha katoni kwa munthu wina wa ku Joni, n'kudula ina poigogoda m'mphepete mwa chivundikiro. Potseka ndinaonetsetsa kuti foloko iliyonse yakhala mu mzere wa giya yake. Ukaphonya pamenepo, wabwerezanso ntchito yonse.

Ndinayesa magiya onse. Ankalowa bwino. Anthu anayamba kuwomba m'manja, ine n'kuyang'ana ada. Nkhope yawo sinasinthe. Ya Ada Longwe nayonso.

"Pini imene yadukayo ndinaika ndine, mvula isanayambe," anatero Ada Longwe. "Yakoyo idukanso. Chikuidula n'chiyani?"

Ndinayang'ananso chivundikiro.

"M'menemo mulibe. Kwera ndi Simioni mpaka pamwamba apo. Usayang'ane msewu."

Tinanyamuka, jipi ikubangula pachitunda, anthu akuthamangira m'mbali. Ndinayang'ana phazi la Simioni. Linali bwino. Ndinayang'ana dzanja. Posintha giya anaphimba mutu wa ndodo ndi chikhatho, anawerama, anakoka ndi phewa lonse, ndipo pomaliza anapotoza mkono n'kukweza pang'ono. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndimo mmene timatulutsira nkhafi m'madzi kuti bwato lisakhote. Mkono wanga womwe unkadziwa kutero.

Titatsika ndinalumpha jipi isanaime.

"Ada Longwe, munthuyu sakusintha giya. Akupalasa!"

Simioni anakwiya. "Mwana wa dzulo uyu andiphunzitse ine kuyendetsa?"

Ada anga anayandikira, anatsitsa nkhafi paphewa n'kumupatsa. "Tagwira, Simioni, utionetse mmene umachitira." Anagwira, anakoka, anapotoza. Doko lonse linafa ndi phwete, ndipo pomaliza Simioni yemwe anaseka. Ndinamugwira dzanja n'kumuonetsa: zala zokha, kukankha molunjika, kupuma pang'ono pakati, kenaka kulowetsa. Phewa lilibe ntchito pamenepo.

A Manda anati, "Yewu, zikomo, a makaniko." Ndinali ndisanaitanidwepo choncho. Jipi inakwera phiri ndi mchere wake, ndipo pini yanga inakhalitsa kuposa matayala.

Ada anatenga nkhafi yawo. Anayang'ana manja anga akuda ndi oyilo kwa nthawi ndithu. Ndinayembekezera kuti anene zoti tizipita.

"Nkhafi yako ndimupatsa mng'ono wako," anatero, n'kutembenuka kulowera ku Mwaya.

Ndakonza magalimoto moyo wanga wonse, ndipo ndaphunzitsa anyamata ambiri. Amakono amathamangira kutsitsa giyabokosi yonse asanafunse n'komwe. Kwa ine zimenezo ayi. Galimoto ikabwera ikuvuta magiya, yamba ndi kalachi, yang'ana oyilo, tsegula chivundikiro. Ukatseka, ntchito sinathe. Kwera ndi mwini wake, ukhale chete, uyang'ane dzanja lake. Munthu amabwera pa chiwongolero ndi ntchito imene anasiya.