Chala chimene makina anakana

Edina Sakala ndi mayi amene anasandutsa shedi yakale ya thonje kukhala jimu ku Katete, kuseri kwa msika. Poyamba anthu ankamuseka. Ankati munthu wolima tsiku lonse angalipirirenji kuti akatuluke thukuta? Koma aphunzitsi anabwera, anamwino anabwera, kenako amayi a BP amene adokotala anawauza kuti azilimbitsa thupi. Edina anangowonjezera zitsulo zonyamula.

Pachitseko anaika kamakina kowerenga chala. Ukagunditsa chala chachikulu chitseko chimatseguka, dzina lako n'kutulukira pafoni yake nthawi yomweyo. Foniyo ndi imene inamuuza kuti masana mujimu mumakhala mbee, choncho analeka kuwotcha mafuta a jenereta pachabe magetsi akathima. Inamuuzanso kuti Lachitatu anthu amathinana, n'kuwagawa magulu. Ankaikhulupirira foni ija kuposa abale ake ena.

Mwa onse, amene ankamuyang'anira kwambiri anali a Stanford Mbewe, dalaivala wakale wa minibasi za ku Chipata. Sitiroko inawapha dzanja lamanzere, ndipo ankaliyendetsa m'thumba la jekete ngati katundu wa eni. Tsiku lowalembetsa anapereka dzanja lamanja. Edina anakana.

"Ayi bambo, lomwelo lakufalo."

"Mwana iwe, ili silimva."

"Lizamva. Mukafuna kulowa muziliimika nokha."

Anali wouma mtima pamenepo, ndipo ankadziwa. M'mawa uliwonse bambo aja ankanyamula dzanja lija ndi linzake, akung'ung'udza, mpaka chitseko chitseguke. Dzina lawo likatuluka pafoni, Edina ankadziwa kuti kwacha bwino.

Nthawi yokolola mayi ake anadwala ku Vubwi, iye n'kupita kukadwazika. Jimu ankaiyendetsa ali pachulu kuseri kwa nyumba, poti ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira. Mayina a amayi a BP aja ankatuluka mmene amatulukira. La a Stanford linasowa. Mawa lake linasowanso, mpaka sabata inatha. Anaimba foni yawo, yozima. Kufunsa amayi aja ankaopa, chifukwa sitiroko ikabweranso kachiwiri sichita kugogoda. Usanamve uthenga, munthu amakhala akadali moyo. Ankadziimba mlandu kuti mwina anawakakamiza mopitirira, mwina anagwa pachitseko pomwepo akulimbana ndi dzanja lija.

Mayi ake atayamba kudya okha, Edina anakwera galimoto, ndipo m'mawa wake anapita kujimu mtima uli m'mwamba.

Anapeza chitseko chili yasa, atachitchinjiriza ndi mwala. Pafupi panaima amayi Ottilia, mkulu wa gulu la BP, chitenje chili m'chiuno pamwamba pa thirauzi.

"Mwabwera? Makina anu aja alibe ulemu," anatero amayi Ottilia. "Munthu wamkulu aziimirira panja monga wopempha? Ise timawatsegulira."

Mkati, pabenchi, munali a Stanford. Amoyo, onenepa ndithu, akukangana ndi wina za mpira. Edina anakhala pansi pomwepo, ndipo misozi inatsika osaiitana.

"Bambo, simugunda chala chifukwa chiyani? Ine kumudzi sindinali kugona."

"Nimagunda, koma kanikana. Kayamba kunyada."

Edina anawagwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza. Chala chachikulu chinali chokakala, chong'aluka, mizere yake yonse itafufutika. Iye anakulira m'mudzi, zala zotere ankazidziwa.

"Mwakhala muchita chiyani na dzanja ili?"

"Nshawa," anayankha a Stanford, kunena mtedza, ngati nkhani yachabe. "Amayi kunyumba anakolola zambiri chaka chino. Nikhale chabe niziwapenya? Ninayamba kuswa nawo."

"Na ili?"

"Nanga nshawa amaswa na dzanja limodzi?"

Anapisa m'thumba la jekete, thumba lomwe lija munkagona dzanja lakufa, n'kutulutsa mtedza umodzi. Anauika pakati pa zala zamanzere. Zinanjenjemera pang'ono, kenako khoko linalira, thwa.

Edina anadya mtedzawo akuseka, misozi isanaume. Amayi Ottilia anati awalembetse chala china kuti makina asiye mwano. Edina anakana. Mwala uja anausiya pachitseko mpaka mtedza wa kwa a Mbewe utatha kuswedwa.