Kaparafuzo Kotsala

Mpaka lero sindidziwa chimene ndinakonza tsiku lija, koma palibe ntchito ina ya manja anga imene ndinanyadira chotero.

Apongozi anga aakazi sankandiwerengera. Iwo anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, n'kuswa mphanje okha ku Itepela. Ine ndine mphunzitsi wa ku Mandimba. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndiye mawu awo ankandipeza kudzera mwa mkazi wanga: akuti manja a choko sadyetsa banja. Zinkandiwawa, ndisaname.

Nditagula kagalimoto kakale, ndinalumbira kuti mekaniko sadzakakhudza. Matayala ndinkamata ndekha, mabuleki ndekha. Choncho maso a apongozi atayamba kuchita nkhungu, ndinati mwayi wanga ndi uwu, ndiwatenge ndekha kukaonana ndi dokotala ku Cuamba, aone okha kuti manja a choko amagwiranso zitsulo.

Tinanyamuka ku Itepela atatu, ine, mkazi wanga ndi apongozi, n'kudutsa Mandimba bwinobwino. Dzuwa lili paliwombo, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima pakati pa tchire. Apongozi anatsika n'kukakhala pansi pa mtengo atandifulatira, monga mwa ulemu wake. Ine thukuta linali kale kamukamu.

Ndinayamba ndi bateriya, inalibe mlandu. Ndinayamwa paipi ya mafuta a gazolina mpaka kumezako. Kenako ndinamasula karburadori, chosakaniza mafuta ndi mpweya, chinthu chimene ndinali ndisanachitsegulepo chibadwire, n'kuyala tizitsulo take pachitenje cha mkazi wanga. Ndinauzira mpweya m'tibowo tonse, osadziwa kuti kotsekeka n'kati. Pobwezera m'pamene mutu unaima. Kachitsulo kamodzi komweko kankakwana apa, kankakwananso apo.

Nditamaliza, pachitenje panatsala kaparafuzo kamodzi, kamsomali kopotokola komangira zitsulo.

"Nanga aka?" ananong'ona mkazi wanga.

"Bisani, mayi angaone."

"Kachokera pati?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndikuti mubise?"

Ndinapotokola kiyi. Inalira! Kulira kwake kosalala kuposa tsiku limene ndinaigula. Ndinakondwa mpaka misozi kulengeza, komabe njira yonse khutu linali kunsi kwa galimoto, kudikira kuti china chigwe. Palibe chinagwa. Titafika ku Cuamba ndinatsegulanso, kufunafuna bowo lopanda parafuzo, osalipeza. Nditafunsa mkazi wanga, anati kachitsuloko kanatayika pokutumula chitenje.

Patapita miyezi iwiri tinakacheza ku Itepela. Ine ndinakhala panja monga mwa nthawi zonse, kenako mkazi wanga anatuluka m'nyumba mwa mayi ake akuseka, atanyamula tambala wamkulu.

"Akuti uyu ndi wanu," anatero.

"Wanga? Ndachita chiyani?"

Anandifotokozera. Apongozi, ndi maso awo a nkhunguwo, anatola kaparafuzo kaja mumchenga n'kukamanga pamfundo ya chitenje. Mudzi wonse unali utakaona kale. Ankauza aliyense kuti mkamwini wawo anafufuza m'mimba mwa galimoto mpaka kuchotsa chimene chinkaidwalitsa, ngati sing'anga wochotsa kafupa m'thupi la munthu.

Zaka zonsezi ndinkadikira mawu amenewa, ndipo abwera chifukwa cha chinthu chimene ndinaiwala kumanga. Kapena n'zoona kuti ndicho chinkadwalitsa galimoto? Nanga bwanji ikuyendabe mpaka pano?

"Akandibwereke pang'ono, ndikayese kupeza pamene kanachokera," ndinapempha.

Mkazi wanga anandiika tambala uja m'manja.

"Kasiyeni, bambo. Mayi akuti mulowe, mukadyere m'nyumba."